Mwini Maliro Anali M'dzenje

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa chogona chotsamira khoma. Unali usiku womaliza wogonera maliro a bambo anga. Amayi a kumpingo anali atayimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano anali mbwerekete pamphasa, aliyense atadzikulunga m'chitenje ngati chimanga cha m'khoko. Ndinawalumpha mosamala n'kutuluka. Kunja mphepo ya mu Julaye inkalowa mpaka m'mafupa. Abambo anali atazungulira chitsa cha moto, ena akusinza, ena akukangana chapansipansi za mtengo wa feteleza.

Mu Chipata muli mabanja atatu amene sungawalekanitse. Lathu ndi la aphunzitsi, lina ndi la akalaliki a paboma, lachitatu ndi la mashopu. Azigogo athu anaphunzira limodzi ku mishoni, tauni ino ikutchedwabe Fort Jameson, ndipo atamaliza anangokwatirana alongo. Ana awo anachitanso chimodzimodzi. Lero ukanena mmodzi wa ife mu minibasi, dziwa kuti amene wakhala pambali pako ndi mlamu wake. Timanyada nazo, mwina mopitirira muyezo.

Koma panali nthambi imodzi imene tinkaidumpha pofotokoza mbiri yathu. Bambo anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, azakhali anga. Iwo anakwatiwa ndi mlimi wa thonje wa ku Chipangali, Mkatolika, ndipo agogo, amene anali mkulu wa mpingo wathu, anawatsekera chitseko. Azakhali anakalambira komweko. Pamaliro awo tinafika mochedwa n'kuchoka msanga, ngati anthu oopa kuti fumbi lingatidetsere galimoto. Bambo chinthu chimenechi chinkawadya. Ali m'chipatala anatiuza ine ndi amayi kuti mwini maliro awo adzakhale mwana wa mlongo wawo, monga mwa mwambo wathu Achewa, osati munthu wina. Ndinalonjeza. Atamwalira ndinatumiza uthenga ku Chipangali, koma yankho silinabwere.

Dzuwa likutuluka, moto unali utayaka kale kuseri kwa nyumba. Azimayi ena ankadula kabichi, ena akupala nkhuku, utsi ukuwaliza misozi yoonjezera. Nkhungu inali itaphimba mapiri. Kenako magalimoto anayamba kufika. A ku Lusaka anatsika atatopa ndi ulendo wa usiku, a ku Malawi anadzera pa Mwami, ndipo msewu wathu unadzaza mpaka pa mphambano. Ndinaona masuti akuda ambirimbiri, ndi azimayi ena amene ankalira mosamala kuti nkhope isawonongeke. Ine maso anali pageti. Galimoto iliyonse ikaima mtima unkadumpha, koma otsika anali omwe aja a masiku onse.

Akuluakulu a mabanja atatu aja sanafune kudikira. Anasankha alamu awo a bambo, a kubanja la akalaliki, kuti ndiwo adzayankhule monga mwini maliro. Ndi munthu wabwino, wodziwa kuyala mawu, wa ndodo ya mutu wonyezimira. Nditakumbutsa za mawu a bambo, anandiyankha mofatsa kuti munthu amene sanabwere sangayankhule. Ndinapsa mtima. Ndinalowa kuchipinda n'kulira, osati chifukwa cha imfa yokha, koma chifukwa ndinaona kuti bambo tiwaika lonjezo lisanakwaniritsidwe.

Mapemphero atatha kutchalitchi, tinanyamuka kupita ku famu ya agogo, kumene kuli manda a banja, chakumsewu wa ku Mwami. Nkhungu inali itachoka, thambo lili mbee. Mzere wa magalimoto unayenda pang'onopang'ono, oyendetsa njinga akupatuka n'kuvula zipewa. Pamene msewu unathera tinatsika n'kuyenda pansi, bokosi patsogolo, nyimbo pambuyo, udzu wouma ukutikwapula m'miyendo.

Titafika tinapeza dzenje litakumbidwa bwino, m'mbali mwake mosalala. Adzukulu, anthu okumba manda, anali ataima pambali ndi makasu ndi mapiki awo. Sindinawadziwe. Mmodzi anali m'dzenjemo kudikira kulandira bokosi, mutu wokha ukuoneka. Atatukula nkhope, ndinamuyang'anitsitsa. Chipumi chinali cha bambo, ngakhale makutu omwe. Anali msuweni wanga wa ku Chipangali.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti anafika m'bandakucha pa kanta, lole yaing'ono, iye ndi anzake a kumudzi, n'kupita molunjika kumanda. Oyang'anira mwambo anangokondwa kupeza anthu odzipereka, ndipo palibe anafunsa kuti ndi a kwa yani. Kwathu wachibale sakumba manda a mbale wake. Ntchito imeneyo ndi ya anthu apadera. Pogwira khasu lija, msuweni wanga ankatiuza popanda mwano kuti popeza tinawayesa alendo, abwera ngati alendo. Manyazi anandigwira kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga.

Ndinanong'oneza amayi. Iwo anali asanayende okha chimwalirire bambo, koma anachotsa manja a amene anawagwira, n'kupita m'mphepete mwa dzenje. Nyimbo inazilala.

"A Mbewe, tulukanimo. Maliro ndi anu awa," anatero amayi kwa msuweni wanga.

"Ife tangobwera kudzathandiza, amayi," iye anayankha, maso ali pansi.

"Basi tidikira mpaka mwini wake afike."

Atatero anakhala pansi pa mulu wa dothi lofiira, ndi zovala zawo za kumpingo zoyera zija. Onyamula bokosi anayang'anizana. Abusa anatseka buku. Kunali zii, moti tinkamva ng'ombe ikulira kutsidya la dambo. Ndinaopa kuti msuweni wanga akana, ndipo akanakana sindikanamuimba mlandu.

Amene anasuntha anali alamu awo a bambo aja. Anapatsira ndodo munthu wina, anagwada movutikira pa dothi ndi suti yawo, n'kutambasula dzanja m'dzenjemo. Panapita kanthawi. Kenako dzanja lamatope linagwira dzanja lawo, ndipo anyamata anathandiza kukoka. Mmodzi wa anthu a ku Chipangali analowa m'malo mwake.

Msuweni wanga anasamba m'manja ndi madzi a m'botolo, n'kuima kumutu kwa bokosi. Sanayankhule zambiri. Anati mayi ake ankakonda kuima pakhomo madzulo n'kuloza chakuno, kunena kuti uko kuli mlongo wanga. Anathokoza onse amene anabwera, banja lililonse payokha, ndipo pomaliza anati, "Amalume tawalandira. Ikani." Azimayi aja olira mosamala analira tsopano osasamala kanthu. Inenso ndinalira, koma pachifuwa panapepuka.

Dothi loyamba anaponya ndi iye, kenako amayi, kenako ife ana. Pobwerera ndinaona akuluakulu akumuzungulira, aliyense akulimbana kufotokoza kuti iyeyo ndi ndani wake. Mmodzi wa a mashopu ankaumirira kuti ndi mlamu komanso msuweni nthawi imodzi, ndipo mwina sankanama.

Pofika madzulo magalimoto anali atapita. Pabwalo panatsala phulusa ndi mipando yosanjikizana. Kanta ya ku Chipangali inanyamuka ndi makasu ake, koma msuweni wanga anatsala, chifukwa amayi anati mwini maliro sachoka anthu asanamete. M'nyumba munali chete, mwakuti ndinayamba kumvanso wotchi ya pakhoma. Tinakhala ochepa pa tebulo. Chakudya chitabwera, tonse tinazengereza, poti wopemphera nthawi zonse anali bambo. Amayi anayang'ana msuweni wanga n'kugwedeza mutu. Iye anakweza dzanja n'kuchita chizindikiro cha mtanda, m'nyumba imene anamanga agogo, ndipo tonse tinaweramitsa mitu.