Nkhoswe ya Mwana Wadothi

Tsiku limene ndinatsimikiza zopita ku London ndinali pa uvuni wa njerwa. Mwana wanga Rozina, amene ndi namwino kumeneko, anali atandiitana kangapo. Ndinaponya fosholo pansi nkunena kuti, "Mudzi wonse uno ndaumbira anthu nyumba, ine mwini ndikugona modontha. Ndikupita!" Anandimva mpaka kutsidya kwa dambo. Mawu anga ndi otero. Kutchalitchi kwathu ku Dedza nyimbo ndinkayambitsa ndine, ndipo wochedwa panjira ankadziwa kuti Misa yafika pati.

Amake Rozina sanatsutse. Anangoti, "Pitani, mwina makutu athu apumako."

Ku Edmonton, dera la London kumene Rozina ankakhala, ndinakapeza kuti mawu ndi mlandu. Tsiku loyamba lomwelo Rozina anati, "Adadi, please, tsitsani mawu. Ma neighbour apanga complain." M'basi ndikapereka moni, anthu ankayang'ana nsapato zawo. Zidzukulu ndikaziyankhula Chichewa, zinkayankha Chizungu uku zikulowera kuchipinda. Ine amene ndinkadzutsa mudzi, ndinaphunzira kunong'ona.

Ntchito ndinaipeza m'khitchini ya nyumba yosungirako okalamba, kutsuka mapoto. Ndalama ndinkatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi. Ndikaimba foni, nkhani inali malata, simenti, feteleza. Zoti kodi mukugona bwanji kumeneko, sindinafunsidwepo.

M'khitchinimo munali mayi wina wokolopa wochokera ku Mexico, dzina lake Lupe. Chizungu chake chinali chotsimphina ngati changa, ndipo nayenso anali wapakamwa. Mu Disembala anabwera ndi katoni nkundandalika pawindo tianthu tadothi: Maria, Yosefe, abusa, nkhosa, mayi wosenza mtsuko, ngakhale Satana wofiira atabisala kumbuyo. Amene anatiumba nkutipenta pamanja anali malemu bambo ake. Sukulu ine sindinapite nayo patali, koma dothi ndimalidziwa. Ndinatola m'busa mmodzi nkumugogoda ndi chikhadabo. Analira bwino.

"Ili linapsa!" ndinakuwa. "Bambo ako ankaudziwa moto!"

Anaseka mpaka kugwetsa chokolopera. Kenako anatulutsa Mwana Yesu, wamkulu kuposa enawo, wodzaza zikhatho zanga ziwiri. Masaya ofiirira, nsidze zojambulidwa ngati ndi tsitsi limodzi, ndipo kumsana kunali chidindo cha chala cha mwini kuumba. Anandifotokozera ndi manja omwe kuti kwawo mwanayu amakhala ndi nkhoswe. Nkhosweyo imamuveka zovala zatsopano nkumunyamula kukadalitsidwa tsiku la makandulo, kumayambiriro a Febuluwale, zaka zitatu zotsatana. Chaka choyamba amavala zoyera, chachiwiri ngati woyera mtima wina, chachitatu ngati mfumu yokhala pampando. Akadalitsidwa amabwerera kwa mwini wake.

"Agogo, mukhale inuyo. Koma nkhoswe silekeza panjira," anatero.

"Mayi, ine ndakhala nkhoswe ya maukwati osawerengeka. Palibe umene ndinauthawa."

Chaka choyamba Rozina anasoka kamkanjo koyera uku akung'ung'udza. Ndinakwera basi mpaka ku Lewisham kumene anthu a kwawo kwa Lupe ankapemphera, mwana ali pachifuwa. Nyimbo zawo sindinkazidziwa, koma ndinalowetsa besi. Palibe anandikhudza phewa kuti tsitsani. Titatuluka tinadya timikate ta ufa wa chimanga tokulunga m'makoko. Tsiku limenelo ndinali munthu.

Chaka chachiwiri tinamuveka zobiriwira ngati Yosefe. Patapita miyezi, Lupe anandipatsa mwanayo m'kabokosi kuti ndimusungire, poti chipinda chake chinali cha chinyezi ndipo ankafuna malo ena. Sabata yotsatira sanabwere kuntchito. Ena ankati ndi za mapepala okhalira m'dzikomo, ena ankati amake adwala kwawo. Foni yake inasiya kulowa. Ku Lewisham ndinapitako kangapo, koma anzake ankangotambasula manja. Ndinabwerera kuzonong'ona, kusiyana kwake tsopano ndinkanong'onezana ndi mwana wadothi.

Kenako msana unandikana. Rozina anati, "Adadi, mwagwira zokwana, mukapume kumudzi." Pandege masutikesi anapita kosungira katundu, koma kabokosi ka mwana ndinakaika m'jekete.

Kumudzi ndinapeza nyumba yamalata, yokongoladi. Anandipatsa mpando pakhonde ndi madzi m'kapu ya alendo. Anthu anadzaza bwalo kudzaona zimene ndabweretsa. Nditatsegula kabokosi, mlamu wanga anagwira m'mimba ndi kuseka.

"Alamu, ulendo wonse wa ndege uja, chidole?"

"Si chidole! Ndi Mwana Yesu, ndipo nkhoswe yake ndine!"

Ena anayamba kunong'onezana kuti ndi chithumwa cha kunja. Ndinapita ku uvuni, anyamata amene ndinkaumba nawo njerwa anali ndi bwana wawo wina. Ndinapita kutchalitchi, nyimbo ankayambitsa mnyamata wowonda wa maikolofoni, mawu ake ngati udzudzu, koma ankamveka kudambo. M'nyumba, amake Rozina anali atazolowera kuchita zonse osafunsa munthu. Ndikakweza mawu, ankadzidzimuka ngati mwalowa mlendo woledzera.

Febuluwale atayandikira, ndinapanga kampando ka nsungwi ndi kachisoti ka chitini cha mkaka. Mkanjo ndinasoka ndekha kuchokera ku malaya anga ofiira, poti kupempha amake Rozina, amene anaseka nawo pabwalo, ine ayi. Zala za njerwa ndi singano sizigwirizana. Dzanja lina la mkanjo linatalika, khosi linapotoka.

Tsikulo kunagwa mvula yamawawa. Anthu atanyamula makandulo kupita kutsogolo, nanenso ndinaima pamzere, mwana ndi mpando wake nditawapanikiza m'khwapa. Kumbuyo kunamveka tiphwete. Ndinaganiza zongopotoloka, Lupe akanadziwa bwanji? Koma ndinalonjeza.

Ndinangomva munthu akundikoka jekete. Anali amake Rozina.

"Abambo a Rozina, mwana amanyamulidwa chonchi, ngati njerwa? Bweretsani."

Anamasula chitenje cha paphewa, anamupukuta mvula kumaso, anamuwongolera khosi la mkanjo nkumukhazika pampando. Atatero anandibwezera m'manja monse muwiri. Wansembe anayang'ana mwanayo, anayang'ana ine, nkuwaza madzi odalitsa. Dontho lina linatsala pa chisoti. Ndinati "Amen" ndi mawu anga onse, mpaka mnyamata wa maikolofoni anacheuka.

Pobwerera ndinayesa kuwafotokozera amake Rozina za Lupe, za besi ya ku Lewisham, za timikate tija. Anamvetsera mpaka pa mlatho, kenako anati, "Ndidutse kuchigayo," nkukhota.

Zaka zitatu ndinakwanitsa. Chotsala nkumubweza kwa mwini wake, ndipo mwini wake sindikudziwa kumene ali. Ndinamukhazika pawindo loyang'ana kumsewu, m'nyumba imene ndinatsukira mapoto a eni. Ine ndimakhala pakhonde kunsi kwake. Pamudzi pano alendo tilipo awiri, ndipo tonse sitichita phokoso.