Ndodo ya Gofu Imene Ndinaikumba Ngati Chipande

M'zaka za Chitaganya ndinali kalipentala kuseri kwa sitolo ya Mmwenye wina, pafupi ndi mlatho wa Lilongwe. Ndinkakhoma mashelefu ndi mipando, ndipo ndinkadziona kuti pa nkhani ya mtengo palibe wondiposa. Matama ndinali nawo, sindikana.

Tsiku lina kunabwera mzungu, dokotala wa ng'ombe, atanyamula ndodo ya gofu yong'aluka mutu. Yatsopano ikanachokera ku Ulaya pa sitima, pomwe mpikisano unali utayandikira. Anandifunsa ngati ndingaseme mutu wina. Ndinangoseka. Munthu wosema zipande kuyambira ubwana angalephere kachipika?

Ndinasankha mlombwa wouma bwino. Poyang'ana mutu wakalewo ndinaona kuti mbali yomenyera mpira ndi yosalala ngati chitseko, ndipo mumtima ndinati azunguwa nzeru zinawathera panjira. Chipande chimatapa chifukwa n'chokumba. Choncho ndinakumbapo pang'ono, pongokwana chikhadabo, kuti mpira uzikhazikika bwino usananyamuke.

Dokotalayo anapambana chikho. Ine sabata yonse ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako mesenjala wa kalabu ya gofu anadzanditenga pa nkhani ya ndodo ija. Munthu wakuda mkati sankaloledwa, ndiye nkhani inakambidwira pakhonde. Mtima unali m'malere. Akananditcha wachinyengo, ntchito zonse za azungu zikanathera pomwepo, dzina langa n'kuwonongeka tauni yonse.

Mlembi wa kalabu, mkulu wadazi, anali ndi kabuku ndi lula yachitsulo. Anagoneka lulayo pamene ndinakumba paja, n'kuloza kudzuwa. Kuwala kunadutsa pansi pake, kochepa ngati ulusi.

"Wakumba ndiwe?" anandifunsa.

"Ndine, bwana. Kuti izimenya bwino."

"Ikumenyadi bwino. Mlandu wake ndi womwewo."

Anatsegula kabuku kaja n'kundimasulira kuti ndodo yokumba nkhope ndi yoletsedwa. Ndinalimba mtima n'kufunsa amene analemba lamulolo.

"Akuluakulu ena ku Skotilandi."

"Ndodo yangayi anaiona, bwana?"

"Sanaione. Mwina sadziwa n'komwe kuti kuli Lilongwe."

Nzeru imene ndinkaiyesa yanga ndekha, imene ndinaipeza ndili pakati pa utuchi wa matabwa, anthu a kutsidya kwa nyanja anali ataiganizira kale, n'kuiyesa, n'kuiletsa. Anandidikira m'kabuku zaka zonsezo. Kunena zoona ndinachita mantha, komanso ndinagoma.

Mzungu wina pakhondepo, mlimi wa fodya, anapsa mtima. Anati bwalo ndi lawo, fumbi ndi lawo, nanga bwanji zida zawo ziziweruzidwa ndi nkhalamba zosadziwa dzuwa la kuno? Dokotala anamuyankha modekha kuti kalabu iliyonse ikakhala ndi lula yakeyake, opambana azikhala akalipentala, osati osewera. Atatero analowa mkati, n'kutuluka ndi chikho, n'kuchipereka kwa mlembi ndi manja awiri. Panalibe wapolisi womukakamiza. Masiku amenewo ife tinkakana kulamulidwa ndi anthu a ku Salisbury, likulu la Chitaganya, ndiye ndinadabwa kuona otilamulawo akugonjera kabuku kochokera kutali. Koma kabukuko anakavomera okha.

"Kalipentalayu alibe mlandu," anatero mlembi. "Sanauzidwe."

Ndinapuma. Koma dokotala anandipatsira ndodo ija n'kunena kuti, "Kaisalaze."

Nditafika kuseri kwa sitolo ndinaimanga pa benchi, n'kukhala kaye ndikuisisita ndi chala. Pa zonse zimene manja angawa anapangapo, palibe chinagwira ntchito yake kuposa chimenechi, ndipo zinandipweteka. Ndinapala katatu basi. Nditaika lula n'kuloza kudzuwa, kuwala sikunadutsenso.

Dokotala anapitiriza kundibweretsera ntchito mpaka pamene anabwerera kwawo. Chikho sanachitengenso.