Shavena za Apongozi

Amayi anga anali woumba mbiya ku Chiuta, ndipo anali ndi chizolowezi chosaletseka: chilichonse chadothi ankachigogoda ndi chala. Mbiya yabwino imalira ngati belu, yamng'alu imalira mogontha. Ankagogoda mbiya zawo, za anzawo, ngakhale mtsuko wa pamaliro.

Nditakwatiwa, mwamuna wanga ananditenga chitengwa kupita kwa makolo ake ku Insaca. Apongozi anga aakazi sanandifune. Iwo ankayembekezera mtengwa wophunzitsa sukulu, koma anabweretseredwa mwana wa woumba mbiya. M'nyumbamo ndinkayenda ngati nkhuku yachilendo.

M'kabati mwawo munali bule, tiipoti wothirira tiyi, ndi shavena zisanu ndi imodzi, timakapu toyera mbee, topyapyala moti kuwala kwa dzuwa kunkadutsa. Ankazitsuka okha. Enafe ntchito yathu inali kuziyang'ana.

Amayi atabwera kudzandiona, apongozi anatulutsa shavenazo, osati mwaulemu koma kuti mlendo adziwe kumene wafika. Amayi anatembenuza yawo n'kuyamikira kuti inaumbidwa ndi manja, poti pansi pake pankaoneka pamene chala cha woumba chinadutsa. Anafunsanso komwe kumakumbidwa dongo loyera chotero, koma palibe ankadziwa. Mpaka apo zinali bwino. Kenako ndinaona chala chija chikupindika.

Anayamba kuzigogoda, imodzi imodzi. Pa yachinayi anaima.

"Asewere, iyi ili ndi mng'alu m'kati. Siifika dzinja."

Atatero anapempha shuga wina. Ine ndinalakalaka nthaka itandimeza. Powaperekeza kokwerera shapa, minibasi za kwathu kuno, ndinawakalipira njira yonse, iwo n'kungoti khutu silinama. Apongozi anatha mlungu akundilankhula kudzera mwa mwana wawo, ine ndili pomwepo.

Patapita miyezi itatu kunabwera azimayi a kumpingo. Apongozi dzanja linkawapweteka, choncho anandiuza kuti ndithire tiyi ndine. Nditangothira m'shavena ina, inati thee! n'kugawanika pakati, tiyi n'kuyenderera pansalu ya patebulo. Alendo anayamba kuyang'ana kudenga. Ine mumtima ndinali nditamanga kale katundu wanga, ndikuganiza zoti shapa ya ku Chiuta inyamuka nthawi yanji.

Apongozi anatola zidutswa ziwirizo n'kuziyang'anitsitsa. Posweka paja, theka linali loyera, theka linali lofiirira ndi tiyi wa zaka zambiri amene ankalowa mumng'alumo. Sindikukhulupirira kuti zinawakomera.

"Amayi anu ananena kale," anatero.

Mvula inali isanagwe n'komwe. Alendo atapita, apongozi anasonkhanitsa shavena zisanu zotsalazo pamodzi ndi bule, n'kundiikira m'manja.

"Katsukeni. Koma musazigogode."