Mwala wa ku Mlimba

Mukakwera galimoto ya a Teddy Kumwenda ku Tembwe, musalimbirane mpando wakutsogolo ngati muli ndi miyendo yaitali. Poponda mapazi pali mwala waukulu ngati dzungu, ndipo mwalawo suchoka. Wina anayesapo kuutaya kuti aikepo thumba la mpunga, amene anatsitsidwa ndi iyeyo, mwala n'kupitiriza ulendo. Anthu amati a Teddy ndi amakani. Makaniwo ali nawodi, koma za mwalawu ndi nkhani ina.

A Teddy anakulira pa chiwongolero cha eni. Anayamba ndi thirakitala yotuta thonje, kenako malole akale onyamula mpunga, aja osalira popanda kukankha. Anawaphunzitsa ndi mdala wina wa ku Chikwa, ndipo malamulo ake anali awiri. Loyamba, kuchigwa kuno handibuleki sakoka, chifukwa matope a makande akalowamo n'kuuma imagwira osasiyanso, mawa lake uli pansi pa galimoto ndi nyundo. Lachiwiri, dizilo yakale saisiya m'giya, ikangogwedezeka imalira yokha n'kuyamba ulendo wopanda dalaivala. Ndiye ukaima, chotsa giya, handibuleki isiye, tsika, ika mwala kutayala. Zaka makumi awiri ndi zisanu manja a a Teddy akuchita zomwezo, mpaka anasiya kufunsa mutu.

Galimoto yawoyawo anaifuna chifukwa cha Fridah, mwana wawo woyamba. Matenda a uchembere anamuyamba mu Januwale, mvula ili pakati, mwana n'kukhala mopingasa. Azamba a pakiliniki anati uyu ngwa kuchipatala chachikulu ku Chama. Lole ya abwana inali ku Lundazi, ina kunalibe. Anamugoneka m'ngolo ya ng'ombe, a Teddy ali patsogolo kukoka ng'ombezo m'matope, akazi awo a Vainess atamutsamiritsa mutu pamiyendo. Fridah anatsirizikira pansi pa mtengo wa msikidzi, asanafike ndi theka lomwe la njira. Dalaivala wa mudzi wonse, mwana wake kufera m'ngolo. Zinawawawa, ndipo mpaka lero zikuwawawabe.

Kuyambira chaka chimenecho mpunga wawo ankangoumva fungo, wonse unkapita kumsika. Patatha zaka zisanu ndi zinayi mphunzitsi wina wa pasukulu anawaitanitsira pa foni galimoto yakale ya ku Japan, ya dizilo, yokoka matayala onse anayi. Uthenga woti yafika padoko ku Dar es Salaam unabwera mu Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana. Nthawi imeneyo Salome, mwana wawo wotsala, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo azamba anali atanena kale kuti nayenso mwana sanatembenuke bwino.

"Mupite mubwere, atate ake Fridah," anatero a Vainess, amene sanasiye kuwaitanira dzina la malemuyo. "Ine m'ngolo sindidzakweranso ndi mwana."

Ku Dar es Salaam kunawathera nzeru a Teddy. Munthu woti njovu ikaima pamsewu amangozimitsa injini n'kuyamba kukutula chimanga, kumeneko anaopa. Malole mbali iyi, njinga zamoto mbali iyo, maloboti, apolisi, zonse zikulankhula Chiswahili. Kuchoka padoko kukafika pasiteshoni ya sitima pokha malaya anali atanyowa kale. Mkulu amene anawathandiza kutulutsa galimoto anawayang'ana n'kuwauza chilungamo: msewu wa ku Nakonde sangauthe, bola akweze galimotoyo pa sitima. Iyo ikhala pa bogi yopanda denga kumchira, iwo akhala ndi anthu kutsogolo, akakumana kumalire.

A Teddy anaikweza okha pa matabwa, bwinobwino, osagunda kanthu. Anaima, anatsika, maso ali pansi kufuna mwala. Mwala pa bogi ungachokere kuti? Antchito a njanji anali akukuwa kale, manja akukupiza kuti achoke. Wina anawalanda kiyi, anakhoma zitseko, anawapatsa kapepala n'kuwalozera kokwerera anthu. A Teddy anapita ngati nkhosa, mutu uli wiii ndi phokoso.

Pampando anayang'anizana ndi mayi wina wa ku Nakonde dzina lake Maggie, wogula zitenje, amene njanjiyi ankaidziwa ngati njira ya kuchitsime. Sitima inanyamuka mochedwa, inayenda, kunja n'kucha ali m'zigwa za mpunga zofanana ndi kwawo. A Teddy mtima unayamba kukhala pansi, mpaka anamasula kamba wawo wa mtedza.

"Manje idyani zenizeni, a dala," anatero Maggie. "Tikangodutsa pa Mlimba sitima iyamba kukwera mapiri. Kumeneko ndi mphanga ndi milatho basi, tiyi amatayika m'kapu."

Kukwera mapiri. Mawu amenewo sanafike kumutu, anafika kudzanja lamanzere. Dzanjalo linakumbuka zomwe linachita dzulo: linachotsa giya, handibuleki silinaikhudze. Madzi saiwala khwawa. Galimoto inali pa bogi yopanda mpanda, yomasuka, yopanda mwala, ndipo kutsogolo kunali chitunda.

Mtedza unawauma m'kamwa. Sitima ikagwedeza pang'ono, iwo ankamva matayala akugudubuzika kubwerera m'mbuyo. Pokhota anatulutsa mutu pawindo mpaka m'mapewa, koma mchira wa sitima unali kutali, ankangoona kadontho koyera m'fumbi, osadziwa ngati kaima kapena kakuyenda.

"Mwadwala?" anafunsa Maggie.

"Iyayi, mphepo chabe."

Akanangonena. Pakamwa panali pomwepo, womasulira Chiswahili ali patsogolo pawo. Koma dalaivala wa zaka makumi awiri ndi zisanu auze bwanji mayi wa zitenje kuti wasiya galimoto ngati mwana wophunzira? Manyazi ndi mantha zinagwirana manja. Safunsa anadya phula, ndipo phula la a Teddy linali likuwadikira pa Mlimba.

Sitima itaima, anthu anakhamukira kwa amayi ogulitsa nthochi ndi mpunga wophika. A Teddy anatsikira mbali inayo. Miyala ya panjanji inali ing'onoing'ono, yoponyera mbalame. Anathamanga uku ndi uku mpaka m'mphepete mwa ngalande anapeza umodzi wooneka ngati mwala, anaukumbatira pamimba n'kuliyatsa liwiro kulowera kumchira. Mabogi sankatha. Bondo lawo lakumanja, limene thirakitala inalipweteka kalekale, linkadandaula sitepe iliyonse. Atafika anaponya mwala pamwamba, anagwira chitsulo, anakwawa ndi mimba mpaka anakwera.

Galimoto inali njo, ngati inamera pomwepo. Matcheni anayi onenepa ngati dzanja la mwana anaikoka ngodya zonse, ndipo tayala lililonse linali ndi mitengo yokhomeredwa ndi misomali, kutsogolo ndi kumbuyo. Ngakhale njovu ikanabwera kudzakankha ikanangochita manyazi. Anyamata okuwa aja ntchito yawo ankaidziwa. A Teddy anaima ndi mwala wawo m'manja, anadziseka okha, kuseka kwa munthu wopusa amene palibe wamuona.

Ali mkati moseka, kutsogolo kunamveka kulira kwa sitima. Mabogi anakokana gwede gwede gwede mpaka kufika pa iwo, anagwa chogwada. Podzuka n'kuyang'ana pansi, miyala inali itayamba kale kuthamanga. Anaganiza zodumpha, bondo linakana. Anakoka chitseko cha galimoto, chokhoma, kiyi ali m'thumba la munthu wina. Anakuwa, koma ndani akanamva? Siteshoni inatsalira m'mbuyo ndi nthochi zake.

Pakati pa galimoto ndi m'mphepete mwa bogi panali malo a mapazi awiri basi, opanda chogwira. Anakwawira kumbuyo kwa galimotoyo n'kukumbatira tcheni. Sitima inayamba kukwera. Mphanga yoyamba inawameza osawachenjeza: masana dzuwa likuswa mtengo, mwadzidzidzi mdima bii, utsi wa dizilo kukhosi, phokoso ngati phiri likugumukira pamutu. Sankaona ngakhale dzanja lawo. Khoma ankangolimva likudutsa pafupi ndi khutu. Atatuluka anapuma kamodzi kokha, bogi n'kukwera pa mlatho. Analakwitsa kuyang'ana pansi. Nsonga za mitengo zinali kutali kunsi kwawo, ndipo mbalame zinkauluka m'munsi mwa mapazi awo. Buluku linanyowa, ndipo silinali thukuta lokha.

Pokhota paliponse bogi inkawaponyera kumphepete. Pansi pake panali chitsulo choterera, miyendo inkaseseleka, manja okha ndi amene ankawasunga, ndipo manjawo anayamba kuchita dzanzi. Apa m'pamene chinthucho chinawalowa. Galimoto ikafika ku Nakonde, imeneyo yamangidwa. Chosamangidwa pa bogi yonseyo anali iwo. Ndiye ikafika, adzaiyendetsa ndani? Idzakhala pasiteshoni ikuchita dzimbiri, anthu akufunsana za mwini wake, uku ku Tembwe mvula yagwa, Salome akumugoneka m'ngolo, a Vainess atamutsamiritsa mutu pamiyendo. Ulendo uno sipadzakhala ngakhale wokoka ng'ombe.

Imfa yawo sanaiope kwambiri ngati ngolo imeneyo. Analira mokweza, munthu wamkulu wa imvi, akutchula Mulungu m'Chisenga. Kenako manja aja, omwe anawalowetsa m'mavutowa, anayamba kugwira ntchito osafunsa mutu. Anavula lamba ndi dzanja limodzi, anamukoleka ku tcheni n'kumumanga pamkono. Mwala uja unali ukuyendayenda pa bogi. Anaukoka ndi phazi mpaka unakakamira pa kachitsulo kotuluka pansi, iwo n'kuupondera ndi mapazi onse awiri. Kuseseleka kunatha. Zaka zonsezi ankaikira mwala magalimoto, tsiku limenelo anadziikira okha.

Mphanga anayamba kuziwerenga, pofika yachisanu ndi chiwiri anasokonezeka. Pamwamba pa mapiri panagwa mvula yozizira ngati madzi a mumtsuko, ndipo dontho lililonse linkawafunsa ngati kwawo nayonso yayamba. Mano ankagundana. Anatseka maso, koma akatseka ankaona msikidzi uja, ndiye ankawatsegulanso.

Anawapulumutsa ndi Maggie. Ataona kuti chikwama chilipo, mtedza ulipo, mwini wake kulibe, anakumbukira mutu uja wotuluka pawindo n'kukauza kondakitala. Sitima itaima pa kasiteshoni kena ka m'mapiri dzuwa litapendeka, awiriwo anayenda mpaka kumchira. Kondakitala anayamba ndi kukalipa, koma atakwera n'kuona nkhope ya a Teddy anasiyira pakati. Zala anachita kuzimasula pa tcheni chimodzichimodzi.

"Akuti galimoto iliyonse amamanga chonchi," anamasulira Maggie, akuwafunditsa chitenje chatsopano cha malonda. "Mukanangofunsa, a dala."

"Ndikanafunsa, mama."

"Manje mwalawo ngwachiyani? Usiyeni."

A Teddy anangopukusa mutu n'kuukumbatira. Anayenda nawo mabogi onse aja, anthu ali m'mawindo kuwayang'ana, ndipo mpaka ku Nakonde unakhala pamiyendo pawo.

Anafika ku Tembwe mvula yoyamba itagwa kale kawiri. Za pa bogi anauza a Vainess okha. Patatha masiku khumi ndi limodzi, m'mamawa anthu akupita kumunda, Salome matenda anamuyamba, azamba n'kunena mawu omwe aja: uyu ngwa ku Chama. Anamugoneka pampando wakumbuyo, mayi ake atamutsamiritsa mutu pamiyendo. Galimoto inkavina m'makande, inkabuula, koma sinatitimire. Anadutsa pa msikidzi uja osaima. A Teddy maso anali pamsewu, khutu lili kumbuyo kumvetsera ngati mwana akupuma.

Pachipatala anamwino anamutenga Salome pa machira, a Vainess n'kulowa naye. A Teddy anazimitsa injini, dzanja linachotsa giya monga mwa masiku onse, koma kutsika kunawakanika. Anakhala momwemo, phazi lili pa buleki, maso ali pachitseko chimene chinameza mwana wawo. Dzuwa linakwera mpaka pamutu iwo akupondabe, akuopa kuti akangosuntha chinachake chibwerera m'mbuyo.

Chitseko chija chitatseguka anatuluka a Vainess okha. Ankayenda pang'onopang'ono, ndipo a Teddy anayesa kuwerenga nkhope yawo koma misozi inawatchinga. Mayiwo anatsegula chitseko chakutsogolo, ananyamula mwala wa ku Mlimba, anawerama n'kuuika kutayala. Kenako anazungulira kubwera pawindo la amuna awo.

"Chotsani phazi manje, atate ake Fridah," anatero. "Onse awiri ali moyo. Ulendo uno tafika."