Nsapato za bwana ku Al Twar

Chaka cha mliri wa kolona ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kudziko lakunja, kudera lotchedwa Al Twar. Bwana anali ndi chipinda chodzaza nsapato zothamangira, zofewa kunsi ngati matilesi, peyala iliyonse m'bokosi lake loonekera mkati. Lachiwiri lililonse ndinkazipukuta nditavala magolovesi, osati poopa matenda ayi, koma kuti zala zanga zisazidetse.

Boma litatiletsa kutuluka, bwana anayamba kuthamanga mozungulira nyumba atavala patapata, mpaka bondo linatupa. Powapatsa ayezi woti aikepo, ndinawafunsa chifukwa chimene sankavalira nsapato zija.

Anandiyang'ana modabwa. "Zimene zija si zoti n'kuvala, n'zongosunga," anatero.

Ndinabwerera kukazipukuta, zidendene zikuwawa, poti ndinali chiimire pa matailosi kuyambira m'mawa.