Kuperekeza Beti ku Ndola

Tinanyamuka ku Nkana m'mamawa, mvula yoyamba itangogwa kumene, m'zaka zija azungu ankapita kunkhondo. Tinali atatu: ine, amuna anga a Lufeyo, ndi Beti. Beti anali kavalo, koma amayi a m'komboni ankamutcha mkazi mnzanga, ndipo ine sindinkawatsutsa. Zaka zonse zomwe a Lufeyo ankagwira ntchito m'khola la bwana wina wa pamgodi, ankayamba kaye kukaona mmene Beti wagonera, ine n'kudzandifunsa dzuwa lili pamutu. Ndinkamuda kavalo ameneyo, ndisabise.

Bwana uja atapita kunkhondo, dona, mkazi wake, anayamba kumanga katundu kuti abwerere kwawo kummwera. Mwa akavalo awo awiri, wamng'ono anagulidwa msanga, koma Beti palibe anamufuna. Anali atakalamba, msana utayamba kulowa, imvi zitamera pamwamba pa maso. Dona anati kuli mzungu wina wa famu ya mkaka kuseri kwa Ndola amene wavomera kumuona kaye. Akamukonda, atenga kavalo pamodzi ndi womusamalira. Akakana, tikamusiye kwa dokotala wa ziweto kuti akamuwombere. Zolipirira bogi ya sitima dona anakana, anati miyendo kavalo ali nayo.

Ine ndinatsatira chifukwa phewa la kumanja la a Lufeyo linali litagwidwa nyamakazi, mkono sunkakwera kupitirira pachifuwa. Mwana wathu Esinati tinamusiya kwa anansi, ine n'kusenza mtolo. Chomwe chinkawapweteka a Lufeyo kuposa phewalo chinali bokosi la zipangizo, lomwe dona analipereka kwa wogula kavalo wamng'ono uja. Munali burashi yolimba yochotsera matope, burashi yofewa yomwe ankaisunga bwino kuposa Baibulo lawo, chipeso chachitsulo, kachitsulo kokowera miyala m'ziboda, ndi sopo wopaka chishalo. Ife anatisiyira chingwe basi. M'thumba mwawo a Lufeyo anaikamo zitsononkho ziwiri, msomali wopinda, nsanza ndi kabotolo ka palafini.

Dzuwa likutuluka tinafika pa mlatho wa Kafue. Wapolisi anaona chitupa cha a Lufeyo ndi pepala lathu la ukwati, kenako anayang'ana Beti kuyambira kumutu mpaka kumchira, n'kumutchula kabalwe monga amanenera Abemba.

"Nanga mwakana bwanji kukwera, mdala? Kabalwe muli naye, mukuyenda pansi?"

"Ameneyu ndi wamkulu kwa ine," anatero a Lufeyo. "Sitikwera akuluakulu."

Wapolisi anaseka mpaka kutsokomola n'kutiuza kuti tipite. Beti anakana kuponda pamlatho. A Lufeyo sanamukoke. Anaima pambali pake n'kumamung'ung'udzira nyimbo ya kutchalitchi kwathu, pansipansi, mpaka iye yekha anaponya mwendo. Ine ndinali nditawoloka kale, mtolo uli pamutu, ndikudzifunsa kuti ndi liti anandiimbirako ine nyimbo.

Kuchokera pamenepo msewu unali wa dothi lofiira, wolowa m'nkhalango ya mitengo yaitali. Zulu za kumeneko sizili ngati za kwathu ku Dedza; zimatalika kuposa nyumba, mitengo n'kumera pamwamba pake. Lole ikamveka kutali, a Lufeyo ankapatutsa Beti kuseri kwa chulu n'kumuphimba diso ndi chipewa chawo. Fumbi ndi matope zinkatsikira ine, amene ndinalibe wondiphimba.

Masana tinapuma pa kamtsinje kena pomwe amayi a mtundu wa Chilamba ankagulitsa masuku ndi munkoyo, chakumwa chawo chotsekemera cha mizu. Ndinapereka tiki, kandalama ka mapeni atatu, anandipatsa masuku odzaza mpango ndi chikho chimodzi kuti tigawane. Anthu anatizungulira. Ambiri anali asanaonepo kavalo pafupi chotero, ndipo mayi wina anafunsa ngati ng'ombe imeneyi nyanga zake anachita kudula. Kenako kunabwera mkulu wina wovala jekete lakale la usilikali, n'kutikokera pambali. Ankafuna mchira. Anati ubweya wa kumchira kwa kavalo umapanga litchowa labwino, ndipo wotsala ana amatchera nawo njiwa.

"Tu sheleni, mukwai," anatero. "Umeranso."

Masheleni awiri sanali masewera masiku amenewo. Ine ndinatsokomola kuti a Lufeyo amve maganizo anga.

"AnaPhiri," anandiyankha osandiyang'ana, "ntchentche zikamuluma, mukhala inu mukumuingira?"

Nkhani inathera pomwepo. Ndinangodya masuku anga.

Chakumadzulo, tisanafike pa mphambano ya ku Luanshya, mvula inatipeza. Inagwa ngati ili ndi mlandu nafe. Tinathawira kumisasa ya odula nkhuni za pamgodi, ndipo mwamwayi kapitawo wawo anali wa ku Fort Jameson, wolankhula chinenero chathu. Anatipatsa kamsasa, mkazi wake n'kutigawira mbatata ndi bowa. Beti anaima pansi pa denga la udzu lomwe ankasungiramo nkhwangwa, a Lufeyo atamupaka nsanza ya palafini m'miyendo ndi m'makutu kuti tizilombo tisamulume.

M'mawa mwake ndinadzuka ndikumva kubuula. Ndinawapeza a Lufeyo ataima pambali pa Beti, chitsononkho chili m'manja, mkono utakaniratu kukwera. Kuzizira kwa mvula kunali kutaumitsa phewa lonse. Beti naye anali wosaoneka bwino: matope ofiira atauma m'mimba monse, ubweya wa m'khosi utapotana ndi chisoso, nkhupakupa zitakakamira kuseri kwa makutu. Munthu wogula akanangomuona chotero, dokotala wa mfuti anali atapeza ntchito.

Amuna anga anali munthu wosapempha. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Lero ndamulephera."

Ndinamva chisoni chomwe sindinachiyembekezere. Ndinawalanda chitsononkho chija.

"Nenani poyambira," ndinatero. "Koma akandimenya chidendene, mukafotokoze nokha kwa amalume anga."

Anandiuza kuti ndiyambire pakhosi, ndizizunguza chitsononkho mozungulira kuti matope asweke, ndipo dzanja lina lizikhala pathupi pake nthawi zonse kuti adziwe pomwe ndili. Pamimba anati ndipepuze dzanja chifukwa amanyerenyetseka. Ndinaseka, nkhalamba yonseyo kumanyerenyetseka ngati kamtsikana. Kenako anandiphunzitsa kupota udzu wouma mpaka ukhale ngati nkhata, kuunyowetsa pang'ono, n'kumamenya nawo pathupi motsata ubweya. Anati burashi ya m'sitolo ndi yabwino, koma nkhata ya udzu imadzutsa mafuta a m'khungu. Nkhupakupa ndinazichotsa ndi zala, imodziimodzi. Kunyamula mwendo ndiye kunandiopsa, koma iwo analiza lilime kamodzi, Beti n'kundipatsa chiboda chake yekha, cholemera ngati mtondo waung'ono. Ndinakowa miyala ndi msomali wopinda uja.

Unatsala ubweya wa m'khosi ndi mchira, ndipo chipeso panalibe. A Lufeyo anangoyang'ana mtolo wanga, kenako kumwamba, ngati munthu amene akuona ngati mvula ibweranso. Ndinamasula mtolowo ndikutukwana chamumtima n'kutulutsa chipeso changa cha mtengo, chomwe amayi anandipatsa pochoka kumudzi. Ndinatulutsanso kansupa ka mafuta a nsatsi omwe ndinkadzola Lamulungu lokha. Mano awiri a chipesocho anathyokera mumchira. Mafuta ndinapaka m'ziboda zonse zinayi mpaka zinada bii n'kuwala, otsalawo ndinadontheza pa mpango wanga wa kumutu n'kumupukuta nawo nkhope.

Ndikupukuta choncho, Beti anatsitsa mutu n'kuutsamiritsa paphewa panga. Mpweya wake unali wofunda, wonunkhira udzu. Ndinaima osagwedezeka. Zaka zonsezo ndinali kukangana ndi nyama yomwe sinkadziwa n'komwe kuti pali mkangano.

"Wakukondani," anatero a Lufeyo.

"Wakonda mafuta anga," ndinawayankha.

Mkazi wa kapitawo anatiperekeza mpaka pamsewu akuseka kuti sanaonepo mkazi akukongoletsa mkazi mnzake kuti akapeze banja. Tsiku limenelo tinayenda pang'onopang'ono, kuzemba zithaphwi zonse, ine ndili kutsogolo kusankha pouma. Lole ikadutsa, ndinkapezeka kuti ndaima pakati pa Beti ndi matope popanda wondituma. Dzuwa litapendeka tinadutsa nyumba za ku Twapia, ana akutithamangira m'mbuyo, n'kulambalala tawuni ya Ndola mpaka tinafika pa famu ija.

Mzunguyo anali wamfupi, wofiira khosi, wonunkha mkaka wosasa. Ine ndinkadikira kuti aone kuwala kwa ubweya, aone ziboda, aone mchira womwe unandidyera chipeso. Iye sanayang'ane chilichonse cha zimenezo. Anangotsegula pakamwa pa Beti, kuona mano, n'kupukusa mutu. Mtima wanga unagwa. Kenako anatsitsa dzanja m'miyendo yonse, kunyamula chiboda chimodzi, n'kukhala kanthawi akuchiyang'ana. Analankhula ndi kapitawo wake, mnyamata wamtali wa Chibemba, amene anatimasulira.

"Bwana akuti kavalo ndi wakale, koma miyendo ili bwino. Angathe kukoka kangolo ka mkaka m'mawa, pafupi pompa. Koma akuti sangadyetse kavalo wokalamba n'kulipiranso munthu. Ngati ndi onse awiri, ayi. Ngati ndi kavalo yekha, atsale."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Ntchito ikatha, nyumba ya m'komboni yathanso, ndipo ndi mkono wotero palibe mgodi ukanawalemba a Lufeyo. Dona anali atanena kuti akalephera ku famu, awalembera kalata yowapezera ntchito ya ulonda, koma kalata ya munthu amene akumanga katundu ndani angaidalire? Ndinkayembekeza kuti anyengerera, anene kuti alandira theka la malipiro, kapena angondiyang'ana ine kaye.

"Atsale," anatero nthawi yomweyo.

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndimati ndinali ndi chifukwa. Koma nditawayang'ana kumaso, mkwiyo unasowa pogwira. Nkhope yawo inali ya munthu amene watula katundu wolemera kwambiri, n'kuzindikira kuti katunduyo ndi amene ankamuimiritsa.

Anapempha kuti aonetse munthu amene adzamusamalire. Kunabwera mkulu wina wokama ng'ombe, woopa akavalo ngati mmene ndinkaopera ine dzulo lake. A Lufeyo anayamba kufotokoza, koma analekezera panjira. Ndiye ndinapitiriza ine, m'Chibemba changa chothyokathyoka. Ndinamuonetsa kupota nkhata ya udzu, poika dzanja, ndi ponyerenyetsa paja. Ndinamuuza kuti akafuna mwendo asakoke, alize lilime. Ndinamuchenjezanso kuti wina akadzabwera ndi masheleni kufuna mchira, amuthamangitse. A Lufeyo anapereka msomali wopinda ndi zitsononkho zija ndi manja awiri, ngati akupereka mphatso kwa mfumu. Anayandikira Beti, n'kuyesa kukweza dzanja kuti amugwire pamphumi. Silinafike. Beti anatsitsa yekha mutu.

Tinatuluka pa geti dzuwa likulowa. Tinali titayenda pang'ono pomwe Beti analira kumbuyo kwathu, kulira kwautali konjenjemera. A Lufeyo sanatembenuke. Anaumitsa khosi n'kumayenda ngati msilikali. Ine ndinatembenuka.

Tinagona kwa m'bale wathu wina wa ntchito ya njanji, m'mawa n'kukwera lole yonyamula matumba a ufa yopita ku Nkana, sheleni imodzi aliyense. Mtunda womwe tinauyenda masiku awiri, lole inaumeza dzuwa lisanatenthe. Tinadutsa misasa ya odula nkhuni, kamtsinje ka masuku, zonse zikuthawira m'mbuyo. A Lufeyo anakhala njira yonse manja ali pamaondo, opanda chogwira. Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti munthu ungagone naye nyumba imodzi zaka zambiri osadziwa pomwe mtima wake umakagona, mpaka utapagwira ndi manja ako.

Tikuyandikira mlatho wa Kafue ndi pomwe a Lufeyo anatsegula pakamwa.

"AnaPhiri, dzulo munatembenuka. Anali kutani?"

Beti anali ataima pa mpanda, khosi atalitambasula pamwamba pa waya, akutiyang'ana mpaka msewu unakhota.

"Anali kudya," ndinatero. "Anamuikira udzu wambiri, wobiriwira."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kavalo ameneyo sankadya pamalo achilendo tsiku loyamba, ndipo palibe munthu padziko amene ankadziwa zimenezo kuposa iwo. Anasuntha dzanja lawo lodwala lija, movutikira, n'kuliika pamwamba pa langa.

"Zikomo," anatero. "Adye ndithu."