Difu Imene Ndinaitcha Loko

Ntchito ya pagalaja ndinaipeza kudzera mwa alamu anga, amene ankayendetsa lole ya thonje. Ananditenga kumudzi kwathu kufupi ndi Sinda n'kukandisiya ku Katete kwa aMwanza, makaniko wa mawu ochepa. AMwanza anandiyang'ana m'manja, osati kumaso, n'kunena kuti, "Awa ndi manja a khasu, koma tiwaphunzitsa." Chaka chathunthu ndinkatsuka mabawuti m'parafini ndi kupereka masipanala. Chaka chachiwiri anayamba kundisiyira ntchito, ndipo mutu unandikula msanga kuposa nzeru.

Kwa amene sanalowepo pansi pa galimoto, difu ndi chibumba cha magiya chimene chili pakati pa matayala akumbuyo. Difu wamba ndi yaulesi, imatumiza mphamvu ku tayala limene likuterera. Mankhwala ake ndi awiri. Difu ina timaitcha elesidi, ili ndi timakilachi m'kati, ndipo tayala limodzi likaterera imagawirako linzake mphamvu. Pamchenga, paudzu wonyowa ndi patala imachita bwino popanda woyendetsa kugwira kanthu. Koma tayala limodzi likalendewera m'mwamba, zimene imapatsa lapansi sizikwanira kutulutsa galimoto yolemedwa. Inayo ndi loko. Ukakoka chitsulo chake, matayala onse awiri amamangana n'kumazungulira limodzi, kaya lina lili m'mwamba. Patala uyenera kuimasula, apo ayi imadya matayala ndi kuthyola maakiselo, zitsulo zozunguza matayalawo.

Tsiku lina aMwanza ali ku Lusaka kukagula zipangizo, kunabwera aSakala, mlimi wachikulire wa cha ku Vubwi, ndi pikiapu yawo yakale.

"Mwana wanga, ndifuna loko," anatero. "Amayi akunyumba akudwala, ndimawatengera kuchipatala mwezi ndi mwezi. Kwathu mvula ikagwa, msewu umasanduka zigwembe zokhazokha."

Pashelefu panali zonse ziwiri. Loko inkafuna kuboola pansi, kuyendetsa chingwe mpaka pampando wa woyendetsa ndi kuichuna bwino, zimene ndinali ndisanachitepo. Elesidi inali yongolowetsa n'kumanga. Kunena kuti "sindidziwa, dikirani abwana" kunandikanika. Manyazi anapha lambe, amatero akulu, koma tsiku limenelo manyazi anga anakapweteka wina.

Ndinakhetsa oilo, ndinasolola maakiselo, ndinaika elesidi. Kenako ndinakweza matayala onse awiri pa jeki n'kuitana aSakala. Nditazunguza tayala lakumanzere ndi dzanja, lakumanja linatsatira mbali yomweyo.

"Mwaona? Yamanga," ndinatero.

"Nanga chokoka chili kuti?"

"Iyi ndi yamakono, bambo. Imadzimanga yokha."

Onse awiri akakhala m'mwamba, elesidi ndi loko zimaoneka chimodzimodzi. Kuyesa kwenikweni n'kusiya tayala limodzi pansi, ndipo ine ndinkadziwa. ASakala anandigwira dzanja ndi manja awiri pothokoza. AMwanza atabwera ndinangowauza kuti kasitomala anasankha elesidi.

Mwezi wa Febuluwale, m'mawa wina, foni ya aMwanza inalira. Anali aSakala, atatitimira pachigwembe china kupitirira Chadiza. Amayi aja anali atamwalira kuchipatala, ndipo iwo ankapita ndi thupi kumudzi.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Pikiapu inali itapendekeka, tayala lakumanja lili m'mwamba, lakumanzere litakhala phee pathanthwe lolimba. Ikanakhala ndi loko, ikanatuluka pamenepo mosavuta. Kumbuyo kunali mphasa yokha ndi chitenje chonyowa. Achibale atadikira maola atatu mvula ikuwakunkha, anabwereka ngolo ya ng'ombe pamudzi wapafupi n'kutsogola ndi bokosi. ASakala anatsala kuti atidikire, matope mpaka m'mawondo.

Sanandikalipire. Anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, "Iwe unandionetsa ndi maso anga kuti amazungulira onse. Kapena ndine ndakalamba, sindidziwanso kuyendetsa."

AMwanza anagwada m'matope, anasuzumira pansi pa galimoto, n'kudzuka osandiyang'ana. Tinamanga tcheni, tinaikoka, ndipo aSakala ananyamuka kuthamangira ngolo. Pobwerera abwana anayendetsa mpaka pafupi ndi Katete. Kenako anati, "Sindikuchotsa ntchito. Koma aSakala ukawauza wekha zimene unachita."

Patatha masabata awiri tinapita kumudzi kwawo ndi loko ija. Ndinawapeza atakhala pakhonde, tsitsi litametedwa. Ndinagwada n'kuwauza zonse: kuti sindinkadziwa kuika loko, kuti ndinaopa kuoneka mbuli, kuti za pa jeki zija zinali zowaphimba m'maso, ndiponso kuti kuyendetsa kwawo kunalibe vuto. Anayang'ana kumunda.

"Ika, mwana wanga," anatero pomaliza. "Idzathandiza ena. Koma mwiniwake wa loko imeneyi anafika pakhomo pano pangolo."

Ndinaiika tsiku lomwelo, aMwanza atandiimirira pamutu, akundionetsa poboola ndi pomanga chingwe. Inali ntchito ya maola asanu basi.

Lero ndili ndi galaja yangayanga. Munthu akabwera kudzafunsa za difu, sindiyamba ndi zimene zili pashelefu. Ndimafunsa msewu wa kwawo, ngati uli wa mchenga kapena wa zigwembe, ndiponso amene amamunyamula kumbuyo. Wa patala ndi mchenga ndimamupatsa elesidi, wa zigwembe ndimamupatsa loko n'kumuphunzitsa kuimasula. Chimene sindidziwa ndimanena kuti sindidziwa, ngakhale kasitomala andiseke. ASakala anandikhululukira, ndipo mpaka anamwalira galimoto yawo ankabweretsa kwa ine. Zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri, chifukwa kwa masabata awiri mkulu uja ankalira mkazi wake akuganiza kuti wolakwa anali iye.